Munda wobwereka wa RuneLite

Sabata yatha laputopu yanga inali kwa okonza, fani yake inkalira ngati chigayo cha dizilo, ndiye ndinabwereka ya mphwanga nkuikamo gemu ya pa intaneti ya Old School RuneScape kuti ndizingosewerako pang'ono madzulo. Ulesi unandigwira woika RuneLite, client (pulogalamu yolowera mugemu) yopangidwa ndi osewera anzathu, ndinati aaa masiku atatu okhawa ndingogwiritsa client ya eni ake basi. Abale inu. Ndinaima pakati pa quest, ntchito imene gemu imakutuma, ngati mlendo woti watsikira pa siteji yolakwika usiku, kolowera sindikukudziwa, woti ndilankhule naye sindikumudziwa, chifukwa zaka zonsezi pamakhala kamuvi ka buluu kondilozera ndipo ine ndimangolondola ngati mbuzi ya pachingwe. Kamuvi kameneko si ka Jagex, kampani mwini gemuyi, ayi. Ndi ka plugin (kapulogalamu kowonjezera mu RuneLite) ina yake yotchedwa Quest Helper, yolembedwa ndi anthu wamba osewera gemuyi ngati ine ndemwe, amene amakhala pa kompyuta usiku ataweruka ku ntchito zawo zenizeni. Nde ndinakhala phee nkumadzifunsa kuti kodi gemu imene ndimati ndimaikondayi, ya kampani ndi mbali iti, ya anyamata aulerewa ndi mbali iti.

Kwa inu amene gemu mumangodziwa ya mpira ndi GTA, ndikuuzeniko pang'ono. RuneScape inatuluka mu 2001, anaiyambitsa ndi ana a mimba imodzi Andrew ndi Paul Gower, kampani yake ndi Jagex ya ku Cambridge ku England. Zaka zitapita gemuyo inasinthidwasinthidwa mpaka akale ambiri anayamba kunena kuti iyi si ija tinkaidziwa, ndiye mu 2013 kampani inafukula kope yakale ya mu August 2007 nkufunsa anthu ngati akuifuna, mavoti anaposa 400,000, basi Old School RuneScape nkubadwa mu February chaka chomwecho. Maonekedwe ake ndi oseketsa, anthu ake mitu yamakonamakona, koma kwa ife kuno ndi dalitso chifukwa imayenda pa laputopu ya pa kaunjika, bandulo siidya kwenikweni, ndipo chilichonse mmenemo chimachitika pa kamphindi ka masekondi 0.6 kotchedwa tick, ndiye ngakhale server ili ku Ulaya ndipo netiweki yako ikuyenda chokwawa umathabe kusewera. Komanso membership ukhoza kugula ndi golide wa mugemu momwemo, umagula kanthu kotchedwa bond nkupeza masiku 14, zomwe aliyense amene anayesapo kulipira chinthu cha madola ndi khadi ya kuno akudziwa kuti ndi nkhani yaikulu.

Client ndi pulogalamu ija imakhala pa kompyuta yako nkumalankhulana ndi ma server a kampani, ndiyo imakujambulira dziko lonse pa sikilini. Ya Jagex yakale ija inali mbulanda, kabokosi kakang'ono basi, ukafuna kudziwa kuti zimene zagwa pansizo ndi za ndalama zingati uziwerengera wekha, ukafuna kudziwa kuti kwatsala maola angati kuti level ikwere tenga pepala ndi pensulo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, osewera omwewo amene amadziwa Java, chinenero cholembera mapulogalamu, anayamba kudzipangira ma client awo. Panali OSBuddy, yomwe zabwino zake zinali zolipira pamwezi, panali Konduit, kenako kunabwera RuneLite ya mnyamata wodziwika ndi dzina loti Adam, yaulere ndipo code yake ili poyera pa GitHub aliyense akhoza kuiwerenga ndi kuwonjezerapo. Mu RuneLite umathira mtundu pa matailosi kuti uzidziwa poima, imakuuza mtengo wa katundu wako yense wa ku banki, imalira munthu wako akasiya kuwedza iwe uli busy pa WhatsApp, ndipo kwa ine chinthu chaching'ono chimene ndimachikonda ndi chakuti imakuonetsa ping, kuchedwa kwa netiweki, ya world (server) iliyonse kuti usankhe imene ili pafupi. Wokhala ku London zimenezo alibe nazo ntchito koma ine ndisanayambe chilichonse ndimayamba ndaona pamenepo.

Mu May 2018 Jagex inamuuza Adam kuti atseke RuneLite. Chifukwa chawo chinali chakuti mkati mwa code yoikidwa poyera ija munali client ya Jagex yomwe anaimasula, pajatu makampani amasokoneza dala mayina a mu code kuti wina asamaiwerenge, ndiye a RuneLite anali ataikonzanso kuti iziwerengeka, ndipo Jagex inati choyamba ameneyo ndi katundu wathu, chachiwiri mukuwafewetsera ntchito opanga ma bot. Apapa ndinene zoona, mfundoyo inalipo. Ma bot mu gemuyi ndi mliri, timaakaunti masauzande tosewera tokha usana ndi usiku, kukolola golide woti akagulitse ndalama zenizeni, mitengo ya zinthu nkumagwa ndipo iwe wodula mitengo ndi manja ako umangokhala chitsiru. Koma anthu sanamve zimenezo. Chimene anaona ndi chakuti yaulere ikutsekedwa pamene yolipiritsa ija ikusiyidwa, ndipo mbiri inkadziwika kuti woyambitsa OSBuddy poyamba ankapanga ma bot, kenako Jagex inamulemba ntchito yolimbana ndi ma bot omwewo asanachoke kukapanga client yakeyo, ndiye kwa osewera nkhani inangonunkha kukondera. Reddit inayaka moto, anthu kuopseza kuti asiya kulipira, patangopita masiku ochepa Jagex inabweza moto. Anagwirizana kuti RuneLite ipitirire koma mbali yomasula ija ichotsedwe poyera.

Ine nthawi imeneyo ndinali ndisanayambe, izi ndinadzawerenga pambuyo. Imene ndinaiona ndi maso ndi ya 2021.

Panali munthu wina wodzitcha 117. Kwa zaka ziwiri ankapanga plugin yosintha maonekedwe a gemu yonse, kuwala kwa dzuwa, zithunzithunzi pansi, madzi ooneka ngati madzi enieni, nkhungu patali, osasintha kaseweredwe ngakhale pang'ono, maso okha basi. Iye mwini anati inamudyera maola pafupifupi 2,000, ndipo sikuti ankabisa, zithunzi ankaika pa Twitter ndi pa Reddit nthawi yonseyo anthu nkumaombera m'manja, aliyense amene amatsata gemuyi ankadziwa kuti chinthuchi chikubwera. Mu September 2021, itangotsala pang'ono kutuluka, ndikuti maola chabe, Jagex inamuuza kuti ayi usatulutse, ifenso tili ndi mapulani opanga zathu za HD. Munthu uja sanatukwane. Anapereka maganizo oti chabwino, ndiloleni nditulutse, tsiku limene yanu idzakhale itapsa ine yanga ndidzaichotsa, ndipo pakali pano muzikhala ndi mawu pa momwe zinthu zizionekera. Anamukanira.

Nditawerenga zimene analemba 117 pa Reddit ndinakumbuka malume anga ena kumudzi. Anabwereka dimba kwa munthu, malo oti mwini wake anawasiya kalekale ndi thengo lokhalokha, iwo nkuswa mphanje, kukumba chitsime, kututa manyowa a ng'ombe pa wilibala zaka ziwiri zathunthu, chaka chachitatu tomato ndi kabichi zitayamba kuoneka bwino anthu odutsa nkumaima kuyang'ana, mwini malo anangofika mmawa wina nkuti achimwene chaka chino ndilimapo ndekha. Kwa amfumu nkhani sinatalike, malo ndi a eni, palibe pepala, palibe mboni yoti anagwirizana zaka zingati. Malumewo anangonyamula khasu ndi ndowa zawo. Chimene chinawapweteka sikulandidwa malo ayi, ankadziwa kuti ndi obwereka, koma kuti munthuyo ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku akuwaona akututa manyowa osanena kanthu, kudikira kuti dothi lipse kaye. Za 117 zinali chimodzimodzi, zaka ziwiri kampani ikuona zithunzi zake, kudzalankhula tsiku lokolola.

Kusiyana kwake ndi kwakuti malume anga analibe Falador. Falador ndi mzinda wina wa mugemu, wa makoma oyera, ndipo kuyambira kale osewera akakwiya ndi komwe amakachitira mademo, umadziwikanso ndi chipwirikiti cha pa 6 June 2006 pomwe bug inalola anthu ena kupha anzawo mumsewu wa mzindawo. Tsiku la nkhani ya 117, Falador ya pa world 302 inadzaza, anthu mulu pabwalo lija, kuimika mizinga yawo paliponse, mawu achikasu ali mbwee pamwamba pa mitu moti sungawerenge ngakhale limodzi, ena kuika zithunzi pa Reddit zosonyeza kuti aletsa membership. Inenso ndinayesa kulowa kkkk, laputopu yanga inangotsala pang'ono kufa ndi kuchuluka kwa anthu, ndinaima kumapeto ngati munthu wopita ku mademo koma ali pafupi ndi kanjira kothawira. Adam nayenso analankhula poyera kuti sakugwirizana ndi chiganizocho. Manyuzipepala a magemu analemba, ndipo pasanathe masiku awiri kapena atatu Jagex inabwezanso moto, pa 13 September plugin ya 117 HD inatuluka. Mpaka lero imapezeka pa Plugin Hub, malo otengerako ma plugin mu RuneLite, anthu ena anaitenga nkumaisamalira, ndipo zaka zinadutsa osewera akugwiritsabe yomweyo podikira ya eni ake ija.

Anzanga ambiri amaikamba nkhaniyi ngati chipambano, eti osewera tili ndi mphamvu. Ine penapake imandisowetsa mtendere. Chimene chinapulumutsa RuneLite mu 2018 ndi 117 mu 2021 si lamulo, si kontrakiti, si khoti, ndi phokoso basi. Mwalamulo Jagex inali ndi mphamvu zonse maulendo awiri onsewo ndipo ikadali nazo, gemu ndi yawo, ma server ndi awo, zithunzi ndi zawo, anangowerengera kuti anthu akasiya kulipira titaya zingati nkuona kuti bola kugonja. Ndiye chitetezo cha munthu wopanga chida chotere ndi kutchuka kwa chidacho. Nanga uja analemba ka plugin kogwiritsidwa ntchito ndi anthu 300, kothandiza mwina amene saona bwino mitundu kapena amene dzanja limawavuta kudina kambirimbiri, akauzidwa kuti chotsa, ndani akadzaze Falador chifukwa cha iyeyo? Amangonyamula khasu ndi ndowa ngati malume aja, ife osadziwa nkomwe.

Komanso sindikufuna kunama kuti opanga zida onse ndi angelo. Chifukwa choti RuneLite ili poyera, anthu ena amaikopera nkuikamo zinthu zakuba, zokuuza pemphero (mphamvu yodzitetezera mugemu) loti uyatse boss, mdani wamkulu, asanamenye, zokusinthira zida zonse ndi kudina kumodzi pomenyana ndi munthu mnzako, mpaka zongosewera zokha. Ukaphedwa ku Wilderness, dera limene osewera amaloledwa kuphana, ndi munthu wotero nkutaya katundu amene unamusonkhanitsa mwezi wathunthu, mawu oti ufulu wa ma developer amakuwawa mkhutu. Ndiye Jagex inalemba malamulo a zimene plugin ingachite ndi zimene singachite, makamaka pa ma boss ndi pomenyana anthu okhaokha, ndipo mu June 2022 inatulutsa mndandanda wa ma client ololedwa, RuneLite, HDOS ndi OSBuddy, ena onse ukagwidwa nawo ndi ban. Chaka chomwecho RuneLite inalowa mu Jagex Launcher, kutanthauza kuti pulogalamu imene ankafuna kuitseka zaka zinayi mmbuyomo tsopano umaisankha pa batani la kampani lenilenilo. Ndipo ntchito yoyang'ana plugin iliyonse yofuna kulowa pa Plugin Hub ngati ikutsata malamulo a Jagex imagwiridwa ndi mavolontiya a RuneLite omwewo. Taganizani, wobwereka munda uja wasanduka mlonda wa mwini munda, malipiro ake ndi oti asathamangitsidwe.

Apa ndi pamene mutu wanga umazungulira, chifukwa mbali inayo kukuyenda ndalama zoti sitingaziwerenge. Jagex yagulitsidwa kangapo, mu 2016 inagulidwa ndi kampani ya ku China, mu 2020 inapita kwa Macarthur Fortune pa madola 530 miliyoni, mu 2021 Carlyle, mu 2024 CVC ndi Haveli pa mtengo umene manyuzipepala anati ndi pafupifupi mapaundi 900 miliyoni. Amene amagula kampani pa mtengo umenewo akugula chani? Akugula anthu amene amalipira mwezi ndi mwezi osatopa, ndipo ambiri mwa osewera pa kompyuta amalowera pa khomo limene anamanga Adam ndi anzake. Chotsani RuneLite lero muone kuti angatsale angati, ine ndemwe masiku atatu aja anandikwana. Sindikunena kuti anyamatawa anaberedwa, palibe anawakakamiza, ena zimawathandiza kupeza ntchito zabwino chifukwa code yawo ili poyera mabwana amaiona, ena amalandirako kangachepe kwa osewera okoma mtima, ambiri amangosangalala kuti chinthu chawo chikugwira ntchito. Koma mawu oti kudyera masuku pamutu amandibwererabe ndikaona manambala amenewo, ndipo ndimayesa kuwakankha amabweranso.

Nayo kampani sinagone. Kuyambira pomwe gemuyi inafika pa foni mu October 2018 ndi pa Steam mu February 2021, akhala akumanga client yawo yatsopano ndipo pang'onopang'ono akuikamo zinthu zomwe tinazizolowera ku RuneLite, kuthira mitundu pa matailosi, mayina a zinthu zogwa pansi, zothandiza pa ma clue scroll, timakalata tosakira chuma chobisika. Kwa osewera pa foni, amene kuno ndi ambiri kuposa a laputopu, ndi nkhani yabwino kwambiri chifukwa pa foni RuneLite kulibe. Koma ukaiyang'ana mbali ina, mavolontiya aja ndi amene anayesa zinthu zonsezi kwa zaka, kuona zimene anthu akufuna ndi zimene sakufuna, kampani nkungobwera kudzatola zakupsa. Ndipo tsiku limene client yawo idzafanane ndi RuneLite, phokoso la ku Falador lija lidzakhala lochepa, poti anthu ambiri sakonda Adam ayi, amakonda matailosi amitundu, kaya awapatsa ndani.

A GTA musaseke, kwanunso zinachitika. Mu 2015 Rockstar, kampani yopanga GTA, inapereka ban kwa opanga FiveM, ija imalola anthu kukhala ndi ma server awoawo a roleplay, nkunena kuti imathandiza kuba gemu. Mu June 2017 Take-Two, kampani yomwe ndi mwini wa Rockstar, inatumiza kalata ya maloya kwa opanga OpenIV, chida chimene ma mod ambiri a GTA amadalira, anthu anakwiya nkukathira ndemanga zoipa masauzande pa Steam mpaka OpenIV inabwerera. Ndiye mu August 2023 Rockstar yomweyo inatenga gulu lopanga FiveM, la Cfx.re, kukhala mbali ya kampani. Amene ankatchedwa akuba mu 2015 anapatsidwa mipando mu 2023, chinasintha si code ayi, ndi chakuti roleplay ya GTA inadzaza Twitch ndipo gemu ya 2013 inkagulidwabe chifukwa cha iwowo.

Pali chitsanzo chimodzi chimene ndimachiona kuti chinayenda bwino, ndipo ndi cha ku RuneScape komweko. Wiki ya gemuyi, tsamba lofotokoza zonse za mugemu lolembedwa ndi osewera, yomwe kwa ine ndi yabwino kuposa mabuku ena a kusukulu amene ndinawerengapo, inkakhala pa Wikia pomwe ma advert ankachita kukuphimba kumaso ndi kukumalizira bandulo. Mu October 2018 olemba ake anasamuka nkukakhala paokha pansi pa kampani yawo yaing'ono yotchedwa Weird Gloop, Jagex nkuvomera kuwathandiza ndi ndalama zoyendetsera, kuwatcha wiki yovomerezeka, mpaka kuika kabatani ka wiki mkati mwa gemu. Olembawo amalembabe zimene akufuna, kuphatikizapo mbiri ya zolakwa za kampaniyo. Pambuyo pake a wiki ndi a RuneLite anagwirizana kuti mitengo yeniyeni ya pa Grand Exchange, msika waukulu wa mugemu, izioneka nthawi yomweyo anthu akamagula ndi kugulitsa, chinthu chimene tsamba la kampani silinkachita, ndipo ine bond yanga ndimaigula nditayang'ana pamenepo kaye. Kusiyana kwa wiki ndi nkhani ya 117 ndi kwakuti apa anthu anakhala pansi nkugwirizana zinthu zisanafike poipa, aliyense akudziwa malire ake, osati kudikira tsiku lokolola.

Mphwanga uja mwini laputopu akuphunzira za makompyuta, Java akuidziwako, ndiye atandiona ndikuvutika ndi quest ija anayamba kufunsa kuti plugin amalemba bwanji, ndinamuonetsa GitHub ya RuneLite mpaka usiku magetsi anazima tikuwerengabe pa batire. Pano akuti akufuna kulemba kakekake, koti kazichenjeza munthu netiweki ikayamba kugwedera asanalowe malo oopsa, vuto limene iye ndi ine timalidziwa bwino kuposa aliyense wa ku Cambridge. Anandifunsa ngati akhoza kudzapezapo ndalama, ndinamuuza kuti pa Plugin Hub zonse ndi zaulere. Anafunsanso kuti nanga atalemba miyezi isanu ndi umodzi kenako eni gemu nkunena kuti chotsa, ndinamuuza kuti awerenge kaye malamulo awo a ma client asanalembe mzere ngakhale umodzi, ndinamuuzanso za malume ndi dimba lija, iye anangoseka nkuti koma tomato wa zaka ziwiri zija anadya ndithu eti. Laputopu yanga ndakatenga dzulo, fani yasiya kulira, ndipo iye wayamba kale, dzulo lomwelo wandipempha akaunti yanga kuti ayesere, ndamukaniza, akatsegule yake.